Chingwe cha ng'ombe pakhosi la Tilipo

Ku Magodi, ng'ombe ikakana goli ankabwera nayo kwa ine, Haswell. Ndinkadzimva nazo zimenezi, ndipo n'zomwe zinandipusitsa chaka chija cha 1994.

Alamu anga a Eness, akazi a malemu mkulu wanga, anali ndi kagalu dzina lake Tilipo. Kanali kokhako kotsala mwa ana a galu amene mkulu wangayo ankasaka naye, choncho alamuwo ankakakonda ngati mwana. Mwezi wina kunabuka chiwewe. A zaziweto analengeza kuti Lachisanu agalu onse akabayidwe jekeseni kudibi kosambitsira ng'ombe, ndipo wosabayidwa akadzapezeka akuyendayenda adzawomberedwa. Kudibi n'kutali, ndipo Tilipo anali asanavalepo kanthu m'khosi.

Alamuwo anayamba kukazoloweza chingwe pang'onopang'ono. Anang'amba kansalu pachitenje chakale, nkukamanga mosathina pakhosi pa kagaluko, kukapatsa kapenta, kenako kumasula. Tsiku lachitatu analumikizapo luzi, namayenda nako kuchoka pakhomo kukafika pankhokwe, kakugwedeza mchira.

Ine ndinaseka mpaka misozi. Ndinawauza kuti galu si mkwatibwi woti azinyengereredwa, andisiyire tsiku limodzi lokha. Iwo anakana mwaulemu, nati kakadali kakang'ono. Ndinangodikira kuti apite kokakumba mtedza.

Ndinatenga chingwe changa chachikopa, ndinamanga mfundo ija yothina ikakokedwa, mbali inayo ndinamangirira kuchipika monga ndimachitira ndi ng'ombe yophunzira. Ng'ombe imakoka, imatopa, imagonja. Tilipo anakoka, analira, anadzigubuduza, ine ndili chiimire manja m'chiuno, kudikira kuti agonje. Kenako kulira kunatha. Lilime linali panja, miyendo ikungophiriphitha. Ndinadula chingwecho ndi mpeni, koma khosi linali litasupuka kale.

Alamu atabwera kumunda sananditukwane. Anatsuka chilondacho ndi madzi amchere, osandiyang'ana n'komwe. Bola akanandilalatira, mtima ukanapepuka. Kuyambira tsikulo Tilipo akangoona luzi, ngakhale kansalu kaja, ankathawira pansi pa nkhokwe nkumanjenjemera.

Lachisanu linakwana. A Eness anakanyamula kagaluko, anakabereka kumbuyo ndi chitenje, ulendo wakudibi. Ine ndinkatsatira pambuyo ndi chingwe changa m'manja, sindikudziwa kuti ndinachitengeranji. Njira yonse anthu ankaseka. Ena ankafunsa kuti mwanayo bambo ake ndani, pomwe akudziwa kuti mayiyo ndi wamasiye. Iwo ankangoyenda.

Kudibi, wobaya jekeseni anatembenuza khosi la kagaluko, nkhope yake inasintha. Anafunsa mokweza, pamaso pa gulu lonse, kuti anamanga galu mwankhanza chonchi ndani. Ndinkafuna kuyankha, koma ndinachedwa dala.

"Ndine, abwana," anatero a Eness. "Nzelu za vingwe nilibe."

Wobaya uja anawakalipira ndithu, iwo atazyolika, kenako anamubaya Tilipo. Galuyo anapulumuka. Pamenepo a Danwell, amene ndinawaphunzitsira ng'ombe ziwiri chaka cham'mbuyo mwake, anapukusa mutu.

"Imwe amama, mulamu wanu Haswell ali pompano, katswili wa vingwe. Munalekelanji kumupempha?"

Anthu onse anatembenukira kwa ine, akuvomereza ndi mitu. A Eness nawo anandiyang'ana, koyamba sabata yonseyo. Ine ndinabisa chingwe chija kumbuyo.