Ndinachoka Pamphambano a Tsache Asanafike

Malamulo anatiwerengera m'mawa wa tsiku loyamba, m'chipinda chodyera cha pahotela, anthu akutafunabe. Wotsogolera ulendo anali mayi wamfupi wokhala ndi wotchi yaikulu pamkono. Anati palibe wokwera njinga wopanda chisoti, palibe womupitirira iyeyo, ndipo ukaona dzenje uziloza ndi chala n'kufuula kuti wakumbuyo amve. Kwathu anandilera kuti mwana safuulira akuluakulu, ndiye apa m'gulu la anthu khumi ndi anayi wamng'ono ndinali ine ndekha.

Lamulo lomaliza analibwereza kawiri. Tikafika pamphambano, iye aziloza amene ali pambuyo pake. Ameneyo atsike, aime poonekera, aziwalozera anzake njira, ndipo asachoke mpaka atafika munthu wotsalira kumbuyo kwa gulu lonse, bambo wamtali wovala jekete lachikasu. Ukafika pamphambano n'kupeza palibe munthu, ndiye kuti njira ndi yolunjika, usakhote.

Malume anandigunda ndi chigongono. Bambo wa jekete uja anali atamupatsa kale dzina, a Tsache, poti amasesa otsalira.

"A Namanyazi, mwamva? Tsiku lanu likubwera. Muima pamsewu ngati wapolisi."

Ndinali nditangolemba mayeso omaliza kusekondale. Malume, mchimwene wawo wa amayi, anayamba kupalasa njinga dokotala atawapeza ndi matenda a shuga, ndipo kwa zaka zitatu ankangolankhula za ulendo wakunja umenewu. Akazi awo atakana kuti iwo sangapite kukatupa miyendo kudziko la eni, mwayi unagwera ine. Amayi anavomera, koma anandiitanira kuchipinda n'kundipatsa kachikwama. Munali kachipangizo koyezera shuga, maswiti, ndi timabotolo tiwiri ta juwisi. Anati ndizisunga ineyo chifukwa malume akasunga okha amatha maswiti onse asanafike n'kugeti komwe. Foni yogwira m'dziko lija inalinso imodzi yokha, ndipo inkakhala m'kachikwama momwemo.

Masiku awiri oyamba ndinazemba bwinobwino. Ndikaona kuti ndayandikira wotsogolera, ndinkagwira buleki pang'ono, wina n'kundipitirira. Chingerezi ndinkakhoza papepala, koma munthu akandiyang'ana kumaso lilime limauma. Anzathu a m'gulu ankandimwetulira, ine n'kumayang'ana tcheni.

Tsiku lachitatu kunali chitunda chachitali. Poti ndine wopepuka, ndinangozindikira kuti onse ndawasiya ndipo tayala langa likutsata la wotsogolera. Pamwamba pa chitundacho, kumapeto kwa tauni, panali mphambano. Mayi uja anatambasula dzanja osacheuka, analoza pansi, kenako kumanja, n'kukhota.

Ndinatsika. Msewu wolunjika unkatsetsereka kwambiri mpaka kukazimiririka pakati pa nyumba zosungira katundu. Wakumanja unali waung'ono, wolowera kumitengo. Kumbuyo kwanga kunali galaja, chitseko chake chachitsulo chitakwezedwa theka, matayala akale ataunjikidwa pakhomo, galu wamkulu atagona pa unyolo. Ndinakweza dzanja kuloza kumanja n'kuyamba kuwerenga odutsa. Anayenera kudutsa khumi ndi mmodzi, kenako a Tsache.

Anadutsa asanu ndi anayi. Kenako zii.

Dzanja linayamba kulemera. Galu anadzuka, unyolo unalira pasimenti. M'galaja muja munatuluka bambo wa ovolosi yothimbirira ndi oyilo, sipanala ili m'manja. Anandilankhula m'chinenero chawo. Ndinayang'ana pansi. Analankhulanso mokweza, akubwera, akuloza njinga yanga. Msewu wonse unalibe munthu wina. Atafika pafupi anawerama n'kugwira kaliyala pomwe ndinamangirira kachikwama, ndipo ndinamva fungo la fodya ndi girisi.

Sindikumbuka kuti ndinakwera bwanji. Ndimangokumbuka mapedulo akundimenya m'miyendo, galu akuuwa, bambo uja akuitana kumbuyo. Ndinapalasa osacheuka, ndikudziuza kuti malume ali ndi a Tsache, a Tsache njira akuidziwa, palibe chalakwika.

Gulu ndinalipeza likupuma pabwalo lina lokhala ndi mabenchi, mpopi wa madzi ndi kagolosale. Ndinaimika njinga kuseri kwa mtengo n'kumadzaza botolo lomwe linali lodzaza kale. Wotsogolera anandiona. Anafunsa ngati a Tsache andimasula, ngati onse adutsa. Ndinagwedeza mutu kuvomera. Sindinanene bodza ndi pakamwa, ndipo kwa mphindi zingapo ndinkaganiza kuti zimenezi zikuchepetsa mlandu.

Anthu anadya nthochi, anajambulana. Patapita nthawi mayi uja anawerenga mitu, anayang'ana kumsewu, anayang'ana wotchi. Anaimbira a Tsache koma foni sinayankhidwe. Anauza gulu kuti poti onse anakhota bwino pamphambano, atatu otsalawo ali penapake m'kanjira ka m'mitengo, mwina tayala laphwa. Tidikire mphindi khumi, ndipo akapanda kufika iye abwerera pang'onopang'ono kukawayang'ana m'kanjirako.

Ndinatsegula kachikwama kuti ndione nthawi pafoni. Maswiti onse anali momwemo, juwisi yense. Malume anali atadya kagawo kamodzi ka buledi m'mawa, akuti akadya zambiri chitunda chiwakanika, ndipo nthawi yomwe amayi anandiuza kuti ndiziwapatsa kanthu inali itadutsa ndi ola lathunthu. Ndinakumbuka tsiku lina kwathu atagwa m'bafa, maso ali gwa, osamuzindikira mkazi wawo yemwe. Ndinakumbukanso mmene ankanyadira kuti iwo pa malamulo saphonya. Akafika pamphambano paja okha n'kupeza palibe munthu, sakhota.

Mayi uja anali atakhala pabenchi pakati pa azibambo awiri, akuseka nkhani ina. Kuchokera pamtengo kufika pabenchipo panali mapazi mwina khumi ndi awiri. Ndinaima patsogolo pake, onse anasiya kulankhula. Mawu oyamba anatuluka m'chinenero chathu, ndinachita kuyambiranso.

"Ndinachokapo. A jekete lachikasu anali asanafike. Malume anga sanadutse."

Sanakalipe. Nkhope yake inangouma. Anafunsa kuti anadutsa angati, ndinati asanu ndi anayi. Anafunsa ngati pali china choti adziwe, ndinamuonetsa kachipangizo koyezera shuga. Anaimirira nthawi yomweyo, anauza bambo wina kuti gulu lisasunthe, anaimbira woyendetsa galimoto yonyamula katundu wathu kuti abwerere, kenako anati kwa ine, "Kwera. Usatalikirane nane."

Pamphambano tinapeza a Tsache akungofika kumene, manja ali bii, pamodzi ndi mayi wina amene tcheni chake chinaduka pachitunda. A Tsache anati malume anatsogola kalekale, atanena kuti akapumira pamwamba. Bambo wa galaja uja anatulukanso. Analankhula ndi wotsogolera, akuloza kumsewu wotsetsereka, akuonetsa ndi manja munthu wamimba yaikulu. Kenako anabwera panjinga yanga, ananyamula lamba wa kachikwama amene ankalendewera pafupi ndi masipoko, anamukulunga n'kumumanga. Anandiyang'ana, anapukusa mutu, n'kubwerera m'galaja.

Chitsetserekocho sindidzachiiwala. Mabuleki ankalira, zala zinachita dzanzi, ndipo kumunsi kunkamveka mkokomo wa malole. Pakona iliyonse ndinkayembekezera kuona njinga itagona pamsewu. Ndinkapemphera mawu amodzimodzi, ndikuganiza kuti ndikawauza chiyani amayi, ndiyambira pati.

Tinawapeza pamalo odikirira basi, pomwe msewu wathu unkakumana ndi msewu waukulu. Njinga inali itagwera m'ngalande. Iwo anakhala pansi atatsamira chipilala, chisoti chitapendekeka, malaya atanyowa ngati awathira madzi. Manja awo ankanjenjemera pamaondo. Lole iliyonse ikadutsa, mphepo yake inkawakupiza malaya.

"Malume."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Achemwali," anatero, "mwabwera ndi basi?"

Ankandiyesa amayi. Botolo linandivuta kutsegula mpaka wotsogolera anandilanda n'kutsegula yekha. Ndinawagwira chibwano, ndikuwauza kuti amwe, amwenso, ameze. Juwisi wina anatayikira pachifuwa. Ndinawabaya chala monga anandiphunzitsira amayi, ndipo nambala yomwe inatuluka ndinaibisa ndi dzanja ngati kuti ikaoneka zikhala zoona. Tinadikira. Ndinawapatsa botolo lachiwiri ndi maswiti atatu.

Pang'onopang'ono maso awo anabwerera. Anayang'ana malole, njinga m'ngalande, kenako ine.

"A Namanyazi. Pamphambano paja panalibe munthu. Ine ndinangotsata lamulo, ndiye ndimadabwa kuti anzanga onsewa alowa pansi?" Anayesa kuseka koma sizinatheke. "Anaikapo ndani pamene paja?"

Ndikanatha kukhala chete, poti wotsogolera sankamva chinenero chathu. Ndinawauza kuti anaikapo ine. Ndinawauza za galu, za bambo wa sipanala, ndi zoti nditafunsidwa ndinavomera ndi mutu. Ndinkadikira nthabwala, poti malume salephera nthabwala ngakhale pamaliro. Anangotambasula dzanja, ndinawapatsa kachikwama, anatengamo maswiti odzaza dzanja n'kuika m'thumba la malaya awo. Galimoto itafika anakwera osandiyang'ana.

M'mawa mwake wotsogolera anawerenganso lamulo la pamphambano pamaso pa onse, osatchula munthu. Anawonjezera kuti wodwala aliyense azinyamula yekha zomuthandiza, ndipo ukachita mantha pamalo ako, imba foni, usathawe.

Tisanathe ola limodzi tikupalasa, wotsogolera anandikodola kuti ndibwere pambuyo pake. Pamphambano yoyamba, pafupi ndi fakitale ina ya mpanda wautali, analoza pansi. Ndinatsika, ndinakweza dzanja. Mlonda wa pageti ankandiyang'anitsitsa. Ndinawerenga mokweza, mmodzimmodzi. Malume anali a nambala khumi. Anadutsa akupuma movutikira, tsaya lili tuu ndi switi, ndipo osatembenuka anati, "Dzanja m'mwamba, apolisi."

Ndinaimabe mpaka jekete lachikasu litafika n'kundigwira paphewa.

Amayi sindinawauzebe. Malume anati nkhaniyo ndi yanga, iwo sandinenera, komanso akafunsidwa sanama.