Kaya Inu, Alamu?

Chisanu cha mwezi wa Juni chinali chisanachoke m'zigwa za ku Vubwi, ndipo dzuwa linali litangosuzumira pamapiri, pamene chimkuzamawu cha pabwalo chinatsokomola. Anthu a m'Mudzi wa Chitsanzo anatuluka m'nyumba zawo zofanana nandanda pamzere, ngati ng'ombe zozolowera dibi.

Mudziwo unali wa kampani ina ya thonje. Nyumba, mbewu ndi minda zinali zochokera kwa iyo, ndipo pobwezera inkafuna kanthu kamodzi: m'mawa uliwonse munthu afunsidwe mmene wadzukira, iye ayankhe kuti, "Tadzuka bwino, tathokoza." Mawuwo ankajambulidwa pa foni n'kutumizidwa kwa mabwana amene panalibe anawaonapo. Woyankha zina ankatchedwa wodandaula, ndipo wodandaula ankalandidwa munda. Poyamba anthu ankaseka lamuloli. Tsopano ngakhale wonjenjemera ndi malungo ankayankha akumwetulira.

Wonyamula foniyo anali Vincent, mwamuna amene malaya a kampani anamukulira, koma iye ankayenda nawo ngati wavala ufumu.

Tsiku limenelo, tambala atangolira, mkulu wake wa Vincent, Obed, anatsirizika ndi chifuwa. Mkazi wa malemuyo, Ottilia, anali asanayambe kulira pamene Vincent analowa, nayang'ana mtembo, natseka chitseko.

"Alamu, gwirani mtima," anatero. "Muyambe mwayankha moni. Kulira amalola masana, m'nyumba."

"Akulu anu agona apa, inu mukundiuza za moni?"

"Ndikukuuzani za thonje. Layera m'mundamo. Mukalandidwa, mwana wanu Chipiliro adzadya chiyani?"

Motero Ottilia anakaima pamzere. Onse ankadziwa zimene zachitika, pakuti makoma a nyumbazo anali opyapyala, koma aliyense anali atakonza kale nkhope yake. Rabecca, mnansi amene ankatunga naye madzi, anamukodola.

"Amake Chipiliro, ingoyankhani. Mawu okha sapha munthu. Ife timayankha ngakhale titagona ndi njala."

Vincent anayenda ndi foni yake kuyambira kumapeto kwa mzere, ndipo mayankho ankatuluka limodzilimodzi, ofanana ngati njerwa za chikombole chimodzi. Atafika pa Ottilia anakweza mawu.

"Mwadzuka bwanji, mayi?"

"Ine ndadzuka," anayankha Ottilia. "Bambo a Chipiliro sanadzuke."

Mkulu wina pamzerepo anayamba kuyang'ana nsapato zake ngati wazigula lero.

"Foniyi sidziwa zimenezo," Vincent ananong'ona, thukuta likutuluka pakati pa chisanu. "Ndifufuta. Bwerezani bwinobwino. Mwadzuka bwanji?"

"Ndayankha kale. Kapena mukufuna ndikawadzutse adzayankhe okha?"

"Alamu, musandichititse manyazi. Ndikalephera kukulembani kuti muli bwino, mundawo wapita."

Ottilia anachita chinthu chimene m'mudzimo chinali chitaiwalika, ngakhale kuti mwana aliyense amachiphunzira asanadziwe kupalira: anabweza moni. Anapinda mawondo pang'ono, naomba m'manja mwaulemu.

"Kaya inu, alamu? Mwadzuka bwanji?"

"Tadzuka bwino, tathokoza!"

Mawuwo anatuluka okha, okweza, pamodzi ndi kumwetulira kwake komwe. Vincent anali asanaganize. Ndipo mzere wonse, utamva mawu odziwikawo, unavomera ngati nyimbo: "Tadzuka bwino, tathokoza!" Rabecca ndiye anamveka kuposa onse.

Vincent anatsala kukamwa kuli yasa, milomo ikadali yokokeka. Mkulu wake, amene anamubereka kumsana ali mwana, anali asanazizire n'komwe. Anayang'ana foni ija, ndipo foniyo inaonetsa kuti yakhutira ndi yankho lake. Pa dzina la Ottilia panali patafiira, chizindikiro cha wodandaula.

"Sindinatanthauze choncho," anatero. "Ndi pakamwa chabe. Alamu, imani. Mwina ndingawapemphe mabwana."

Ottilia anapita pa mtengo wa mango wa m'mbali mwa bwalo, nathyola nthambi ya masamba ambiri. Anaigoneka pakati pa msewu umene malole a thonje ankadutsa, kuti wodza ndi njinga atsike, woyendetsa galimoto achepetse liwiro, aliyense adziwe kuti pano pagwa maliro. Palibe anamuthandiza. Anthu anali akuyang'anabe chimkuzamawu, kudikira kuti chiwauze kubalalika.

Anapukuta manja pachitenje, nadutsa pafupi ndi mlamu wake osamucheukira, nalunjika kunyumba kumene mwamuna wake anagona.