Nati Yopakidwa Girisi

Amisiri, monga ankamutchulira anzake a ku galaja, anagona chagada pansi pa kathirakitala kotchetchera udzu, msana ukuzizidwa ndi simenti ya m'shedi ya kumanda. Kunja kunkawaza kamvula kaja kosakata, konyowetsa munthu asakudziwa. Pampando wa kathirakitalako panakhala bambo ake, amene anatchetcha kapinga wa manda a mumzindawo zaka makumi awiri osakhudza ngakhale duwa la mwini. Koma sabata yapitayo anagunda chiliza, mwala n'kusweka pakati. Iwo anati chiwongolero chakhwefuka. Kapitawo sanachulutse gaga m'diwa: ngati vuto ndi makina, akonzedwe, ngati ndi woyendetsa, akapume.

Ndiye bambowo anaitanitsa mwana wawo wamkazi yemweyu, amene anamuphunzitsa okha kugwira sipanala asanadziwe n'kuluka tsitsi komwe.

Ntchito yotere imafuna anthu awiri, wina kugwedeza chiwongolero pamwamba, wina kusuzumira pansi kuti aone pomwe mphamvu ikutayikira. Amisiri anayamba ndi zapafupi. Mafuta a chiwongolero anali odzaza, mapaipi osadontha, pampu ikulira bwinobwino. Anawauza kuti apotoze kumanzere, kenako kumanja. Chiwongolero chinkayendadi chokha pafupifupi chikhatho chathunthu matayala asanamve kanthu. Mtima wake unayamba kukhala m'malo, poti mdala sananame.

Atalondola kachitsulo kopita ku tayala lakumanzere, anapeza nati ya polumikizira itabwerera m'mbuyo, kapini koitsekereza kulibe. Anapukuta ndi chala. M'mbali mwa natiyo munkang'anima, dzimbiri litapalika chatsopano. Nati yomasuka yokha ndi kunjenjemera kwa injini imadya chitsulo n'kusiya fumbi lofiira. Iyi inamasulidwa ndi dzanja, ndipo dzanjalo linapakanso girisi watsopano pabawuti kuti isawonongeke. Wowononga dala sasamala chonchi. Pa dziko lonse iye ankadziwa munthu mmodzi yekha amene sangamasule nati osaipaka girisi, ndipo nsapato zake zinali kulendewera pamwamba pa mutu wake.

Akanatha kumanga natiyo n'kukauza kapitawo kuti inali yomasuka, ndipo silikanakhala bodza. Lolemba bambo akanabwerera pantchito, amayi kunyumba osadziwa kanthu. Koma kumanda sikubwera miyala yokha. Kumabwera ana othamangathamanga pakati pa ziliza, kumabwera amasiye ogwada m'kapinga, msana atalozetsa kunjira.

"Wapeza, mwanawe?" anafunsa bambowo.

"Ndapeza, bambo. Girisi wakenso ndi wabwino kwambiri."

Chiwongolero chinasiya kugwedezeka.

Iye anamanga natiyo mpaka inakana, analowetsa kapini katsopano n'kukapinda, kenako anatuluka akusasa fumbi. Atagwedeza chiwongolero, matayala anamvera pomwepo. Ntchito inatheka bwino, ndipo m'moyo wake wonse sanadanepo ndi ntchito yake ngati tsiku limenelo.

Bambo sanamuyang'ane. Anafotokoza motsitsa mawu kuti diso lamanzere linayamba chifunga chaka chatha, tsopano linazimiratu, ndipo lamanja nalo layamba kutsanzira mnzake. Chiliza chija sanachione n'komwe, anangomva kugunda. Nati anamasula tsiku lomwelo anzawo ataweruka. Anamufunsa kuti kunyumbako azikatani tsiku lonse, azikangokhala pakhonde ngati mpando wothyoka mwendo?

"Kwa kapitawo sindinama, bambo," anatero mwanayo. "Komanso sindikufuna kuti amve kwa ine."

Mvula inkawazabe padenga la malata. Kenaka bambowo anazula kiyi, natsika pang'onopang'ono, phazi likufufuza popondera. Iye anawapatsa dzanja, iwo anakana ndi mutu. Anati ofesi ya kapitawo akuidziwa, akafika okha, ndipo iye atsale alongedze zitsulo zake asaiwale sipanala pansi monga mwa masiku onse.

Pafupi ndi chitseko anatambasula mkono kuti atenge jekete yawo pamsomali, koma anagwira khoma. Anayesanso, nagwiranso khoma. Amisiri anawerama n'kuyamba kupukuta masipanala amene anali oyera kale, ndipo sanadzutse mutu mpaka anamva jeketeyo ikuchoka pamsomali.