Amuna Anga Asema Chidindo

Mwana wathu wamkulu sabwera kudzakambirana, amabwera kudzalengeza. Tinayamba kumutcha Bwana asanayambe n'komwe sukulu, ndipo dzinalo sanalichititsepo manyazi. Tsikulo anaima pakhomo la kashopu kathu, osafuna ngakhale mpando, n'kunena kuti abambo ake awatenga azikakhala kwake, kumene kuli mpanda ndi geti lokhoma. Shopuyo titseke.

"Amayi, mwezi wathawu anasochera pobwera kuno. Msewu womwe auyenda moyo wawo wonse. Mukufuna tidzawatole m'ngalande?"

"Kusochera kwayamba ndi bambo ako? Iwe sunasocherepo?"

"Musatero amayi. Adokotala munawamva nokha."

Ndinawamvadi. Anati ndi matenda oiwala, ndipo mankhwala ake kulibe. Kunyumba ndinali nditaona kale zambiri zomwe Bwana sindinamuuze: nsapato m'kabati ya mbale, sopo m'thumba la jekete, ndi tsiku lina lomwe anandipatsa moni ngati mlendo. Koma akakhala patebulo lawo lija, lezala ili m'manja, ankabwerera kukhala amuna anga omwe aja, onyada ndi ovuta.

Ntchito yathu ndi yopanga makhadi pamanja, pamodzi ndi timapepala tomangirira pamphatso. Ine ndimadula mapepala ndi makina opukusa, kuti atuluke ngati mtima, ngati duwa, ngati belu. Ndimapaka utoto kudzera m'timapulasitiki tobooka, masamba n'kutsala m'mphepete mwa khadi, kenako n'kulowetsa riboni. Mawu ndiwo a abambo. Amasema zidindo palabala, chilembo ndi chilembo, n'kuzimata pakathabwa. Mumsewu wonsewu amadziwika kuti a Chidindo, moti dzina lawo lenileni ena salidziwa. Ndinkadziwa kuti akangowachotsa patebulopo n'kukawakhazika pa sofa moyang'anizana ndi wailesi ya kanema, munthu wanga watha. Ndinkachita mantha, ndipo ine mantha amanditulukira pakamwa ngati mkwiyo.

Choncho ndine ndinayambitsa zopikisanazo. Chitsirizira wathu anali pafupi kukwatiwa, ndipo timakhadi tothokoza alendo tinali tisanapange.

"Asiye bambo ako aseme chidindo cha ukwati wa mlongo wako," ndinatero. "Akalephera, udzawatenge. Akatha, usadzatchulenso nkhaniyi pamaso panga."

Bwana anavomera. "Chabwino amayi. Koma mawu amenewa mudzawakumbukire."

Sabata imeneyo shopu inakhalanso ndi moyo. Abambo ankafika m'mawa, n'kupukuta magalasi awo, n'kuwerama palabala uku akuimba mluzu. Tizidutswa tinkagwera pamiyendo pawo. Ine mbali yanga ndinadula timakhadi todzaza bokosi, pepala lodula lija lomwe ndinkalisunga, n'kupaka masamba obiriwira pamakona. Telala wa shopu yoyandikana anasuzumira n'kunena kuti, "A Chidindo abwerera ku unyamata, mayi, muwasamale." Ndinaseka, ndipo kuseka kumeneko kunali koyamba pa miyezi yambiri.

Ntchito yawo sindinaione. Abambo salola munthu kuona chidindo chisanathe. Akamadzuka amachiphimba ndi kansalu, ndipo ukayerekeza kukweza kansaluko ndiye kuti mwayambana mpaka madzulo. Chikwatirane chathu lamulo ndi lomwelo, ndiye sindikanaliphwanya pa nthawi yomwe ndinkafuna kuti aoneke ngati munthu wabwinobwino.

Loweruka masana Bwana anabwera. Abambo anakonza kolala, n'kuchotsa kansalu kaja pang'onopang'ono.

Chinali chokongola, sindinganame. Zilembo zopendekeka bwino, zosalala, ndi nkhunda ziwiri pamwamba. Bwana anawerama n'kuwerenga mokweza: "Zikomo pobwera." Nanenso ndinawerenga mosavutikira.

Chidindo sichiyenera kuwerengeka ukachiyang'ana. Chimasemedwa motembenuza, kuyambira kumanja kupita kumanzere, kuti podinda mawu atuluke molunjika. Osema ena amachita kudziyang'anira pagalasi, koma abambo sanafunepo galasi, ndipo ankawanyoza anzawowo kuti ndi ana a dzulo. Koma ulendo uno anali atasema molunjika, ngati munthu wolemba m'kope.

Bwana sanaone kanthu. Ntchito yathuyi sanaikondepo, ankati imanunkha guluu. Anagwedeza mutu, maso ake atafiira pang'ono.

"Abambo, mwandigometsa. Amayi, mwapambana."

"Waona?" ndinatero msangamsanga. "Basi pita, uli ndi zochita zambiri. Ife tidinda mawa."

Anali atatulutsa kale makiyi a galimoto. Ndinkapemphera chamumtima kuti angofika pakhomo. Ndikanapita kwa wosema wina, ndikanadinda ndekha, palibe akanadziwa.

"Apite kuti?" anatero abambo. "Chidindo chosayesa si chidindo. Khala pansi iwe, uone ntchito ya bambo ako."

"Inki yauma, abambo. Ndikagula ina Lolemba."

"Mayi, bodza mwayamba liti? Suja mwatsegula yatsopano dzana?"

Zoiwala amaiwala zonse, koma za inkiyo anakumbukira. Anakoka kabokosi kake, n'kugunditsa chidindo pansalu yonyowa inki, mopepuka, monga achitira masiku onse. Anatambasula dzanja kuti ndiwapatse khadi. Ndinawapatsa. Anadinda, n'kutsamira ndi chikhatho, n'kukweza mowongoka kuti inki isafalikire.

Mawu anatuluka chafutambuyo. Nkhunda zinali bwinobwino, koma pansi pake panali zilembo zoyang'ana kumene zachokera.

Ndinatseka maso kudikira kuti akalipe, kapena alire. Ndinali nditakonzeka kuwagwira, kuwauza kuti aliyense amalakwitsa. Munthu woona kulakwitsa kwake akadalipo, ungathe kumumenyera nkhondo.

Abambo ananyamula khadilo, n'kulitalikitsa pang'ono ndi maso. Moyo wawo wonse akhala akuwerenga motembenuza, ndiye kwa iwo panalibe chachilendo.

"Zikomo pobwera," anawerenga mosadodoma. "Taona mizere yakeyo. Makina sangatulutse zotere."

Anapereka khadilo kwa mwana wawo, nkhope ili ngwee. Bwana analiyang'ana, kenako anayang'ana ine. Ndinkafuna akanandikalipira, akanandikumbutsa mawu anga aja, kuti ndipeze pomulumira. Sanatero.

"Ndi lokongola, abambo," anatero ndi mawu otsika.

Anaika khadilo m'thumba la malaya n'kutuluka panja. Chitseko cha shopu yathu ndi chopyapyala, moti ndinamumva akuuza mkazi wake pafoni kuti akonze chipinda cha kumapeto chija, achotsemo chilichonse chakuthwa.

"Mayi, mwaima ngati mtengo bwanji?" anatero abambo. "Bweretsani enawo, dzuwa likupita."

Ndinakoka bokosi lija n'kukhala pambali pawo. Ndinkawapatsa khadi, iwo n'kudinda, ine n'kuliyala pashelefu kuti liume. Ntchito yanga ya sabata yonse inkaonongeka m'manja mwanga momwe, ndipo sindinabiseko ngakhale limodzi. Mashelefu anadzaza, tinayamba kuyala pamipando, kenako pawindo. Abambo ankaimba mluzu. Bwana sanalowenso, ankangoyendayenda pakhonde.

Titafika pakhadi lomaliza anapukuta chidindo ndi kansanza, n'kupukutanso zala. Anayang'ana shopu yonseyo mokhutira.

"Eni ake asangalala," anatero. "Kodi makhadiwa ndi a ndani?"

"Ndi a mwana wanu wamkazi, abambo. Akukwatiwa."

"Oo," anatero mwaulemu, monga ayankhira kasitomala aliyense. "Muwauze adzatenge Lolemba. Inki iyambe yauma."