Zipeso Zisanu

Amuna anga ndi ometa tsitsi, koma mukanafunsa anthu a mumsewu wathu akanakuuzani kuti ndi katswiri wa mafilimu amene amametako tsitsi akapeza mpata. Lolemba lililonse ankatenga kachidutswa ka sopo n'kulemba pakona ya galasi la mu shopu mwawo dzina la filimu ya sabata imeneyo, pansi pake n'kujambula zipeso. Chipeso chimodzi ndiye kuti musataye nthawi yanu. Zipeso zisanu ndiye kuti siyani zonse mukaonere, ngakhale poto ali pamoto.

Chimene anthu sankadziwa n'chakuti katswiriyu sanaonerepo filimu n'kuimaliza. Lamlungu masana tikatha nkhomaliro tinkakhala pa sofa, iwo atafumbata rimoti ngati ya makolo awo. Filimu ikamayamba ankagwedeza mutu mwanzeru. Pakangotha mphindi khumi ndi zisanu rimoti inkagwa pansi, kukamwa kuli yasa. Sindinkawanena, chifukwa munthu woimirira masiku asanu ndi limodzi pa sabata sofa ikamugwira simutaya. Ine ndinkaonera ndekha mpaka kumapeto. Ndiye Lolemba m'mawa, ndikusita matawulo a ku shopu, ankabwera ndi kapu ya tiyi m'manja.

"Amayi a mwana, ndiye zinatha bwanji zija?"

Ndinkawafotokozera zonse: amene anafa, amene anakwatirana, pamene nkhani inazizira, pamene inandiliza. Ngakhale zipeso ndinkawauza ndine kuti zikhale zingati. Tinachita zimenezi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo ndinkasangalala nazo. Sindinkafuna kutchuka. Ndinkangoganiza kuti mumtima mwawo amandiyamika.

Lolemba lina anaiwala matawulo, ndiye ndinawatsatira nawo. Ndinafika pakhomo la shopu iwo ali pakati pofotokoza, makina ometera akuwazunguza m'mwamba. Pampando panali a Dazi, dalaivala wa basi wopuma pantchito, amene mutu wawo ndi wosalala ngati bondo koma ankabwera kudzameta Lolemba lililonse. Benchi inali yodzaza ndi anthu.

"Nanga alamu anga amati bwanji za filimu imeneyi?" anafunsa a Dazi.

"Aaa, awo asiyeni," anatero amuna anga. "Filimu isanafike n'pakati pomwe amakhala akuliza mkonono. M'mawa ndimachita kuwafotokozera ndine, mwinanso kawiri kuti amve."

Benchi yonse inafa nacho chikhakhali. Ine mtima unandipsa mpaka makutu kutentha. Akanangokhala chete za ine ndikanawakhululukira, koma kundipachika mkonono wawo womwe! Ndinasiya matawulo pa mpando wa panja n'kubwerera osalowa. Popita kunyumba ndinali nditadziwa kale chochita. Paja akulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa.

Lamlungu lotsatira tinaonera filimu ya msilikali amene anafera kunkhondo, mkazi wake n'kutsala akulira. Lolemba ndinawauza kuti msilikaliyo anadzuka m'bokosi pa maliro ake n'kufunsa amene watenga nsapato zake.

"Zoona?" anatero, kapu ili m'malere.

"Simunamve m'mene ndinakuwira? Zipeso zisanu zimenezo."

Ndinadikira sabata yonse kuti abwere atakhumata, anthu atawaseka. Ayi ndithu. Lachisanu anafika akuimba mluzu, akuti shopu sinadzazepo chonchi. Apa m'pamene ndinatulukira chinthu china: makasitomala awo nawonso sankaonera mafilimuwo. Ankawerenga zipeso, kumvetsera nkhani, n'kukaifotokoza kwawo ngati aonera okha. Msewu wonse unali wa akatswiri ogona.

Ndinawonjezera tsabola. Sabata yachiwiri ndinakwatitsa wapolisi kwa agogo ake a mbava imene ankaisaka. Palibe anadandaula. Sabata yachitatu inali filimu ya loya woteteza msodzi amene ankamuganizira kuti anapha mnzake pamtsinje. Kunena zoona inali yotopetsa, anthu ovala masuti akungowerengerana mapepala mpaka woweruza kumasula msodziyo. Ine ndinati loya uja analowa m'khoti akukankha wilibala, m'menemo muli ng'ona yomangidwa kukamwa. Ataimasula, ng'onayo inasanza wotchi ya malemuyo pamaso pa woweruza, ikuyendabe.

"Ikuyendabe?" Amuna anga anakhala pansi. "Amayi a mwana, bwanji osandidzutsa?"

"Ndinakugwedezani, munati mukuona."

Ng'ona ija inatchuka kuposa mafilimu onse a zaka khumi ndi ziwiri. Ndinkaimva kumsika, kuchigayo, ngakhale pa mzere wa kuchipatala, ena atayiwonjezera kale mano agolide. Amuna anga anayamba kuyenda chifuwa chili patsogolo. Koma mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Loweruka ndinakumana ndi aphunzitsi a sekondale, kasitomala wawo wina, munthu wosaseka wamba amene amakonza galamala ngakhale ya pa chikwangwani cha maliro. Anandifunsa dzina lenileni la filimuyo, ati akufuna akaione ng'onayo ndi maso awo. Ndinawalembera pa pepala, zilembo zikuluzikulu kuti asaphonye.

Lolemba ndinabisa matawulo dala kuti ndipeze chifukwa chopitira ku shopu. Ndinavala diresi yanga yabwino. Ndinakhala kumapeto kwa benchi, matawulo pamiyendo, ngati munthu wodikira basi.

Aphunzitsi analowa a Dazi ali pampando, thovu lili mbuu kuchibwano.

"Abwana ometa," anatero osapereka moni, "filimu yanu ija ndaionera kawiri. Ndinaibweza m'mbuyo, ndinaipititsa kutsogolo. Mulibe ng'ona. Mulibe wilibala. Ngakhale buluzi mulibe. Kodi inu mafilimu amenewa mumawaoneradi?"

Amuna anga anaima lezala lili m'manja, ndipo pagalasi maso awo anakumana ndi anga. Ndinaona kuti azindikira zonse, kuyambira nsapato za msilikali.

Nthawi imeneyi ndinaidikira masabata atatu, koma itafika sinakome. Ndinaona imvi za m'mbali mwa makutu awo ndi nsapato zawo zopindika chifukwa choimirira. Galasi lija ndi zipeso zake ndi zokhazo zimene zinkawachititsa kukhala munthu wina mumsewu muno, osati wometa chabe. Ndinawamvera chisoni, ndipo ndinachita manyazi. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiname bodza lomaliza, lakuti mwina aphunzitsi anaonera filimu ina ya dzina lofanana, koma amuna anga anakweza dzanja kundiletsa.

"Aphunzitsi, mukunena zoona," anatero. Anapukuta lezala pa tawulo pang'onopang'ono. "Ine ndimagona. Ndimaona poyambira pokha. Zonse zimene mwamva muno zaka zonsezi, ndi zipeso zomwe, mwini wake ndi mayi ali apawa. Mkonono ndinkanena uja ndi wanga."

Wina pa benchi anatsamwa ndi malovu. Aphunzitsi anavula magalasi awo n'kundiyang'ana ngati mwana amene amupeza akubera mayeso. Ine ndinangoyang'ana matawulo.

A Dazi ndi amene anatiombola. Anatembenuka ndi mpando womwe, thovu likudontha.

"Alamu, ndiye kuti ng'ona ija munaipanga nokha?"

"Ndinaipanga ndekha."

"Chabwino. Nanga itasanza wotchi ija anaitani? Anaibwezera kumtsinje kapena anaimanga? Ine sabata yonse tulo osabwera."

"A Dazi, ng'onayo kulibe," anatero aphunzitsi.

"Inu khalani chete, munaonera yolakwika. Filimu yanuyo mungaipatse zipeso zingati?"

Aphunzitsi anaganiza kaye, poti ndi munthu wachilungamo. "Ziwiri," anatero. "Chachiwiricho n'chifukwa cha nyimbo zake." Kenako anakhala pa benchi, akuti angopumulako miyendo.

Ndinawauza kuti ng'onayo anailamula kukhala m'ndende zaka zisanu, koma inatuluka patatha chaka chimodzi chifukwa cha khalidwe labwino. Shopu inagwedezeka ndi phwete, ndipo ndinaona aphunzitsi akubisa pakamwa ndi chipewa. Amuna anga sanaseke. Ananyowetsa tawulo, anafufuta zipeso zawo pagalasi, n'kundipatsa kachidutswa ka sopo kaja ndi manja awiri.

Masana aja anabwera kunyumba n'kundipepesa ali chiimire pakhomo la kukhitchini. Ndinawakhululukira, ngakhale sindinawauze msanga.

Lamlungu anakonzeka ngati akupita kunkhondo. Anamwa makapu awiri a khofi, anakana sofa, anakhala pa mpando wathabwa, miyendo m'beseni la madzi ozizira. Anapirira mphindi makumi awiri ndi zitatu, ndinawerenga. Ndinawachotsa miyendo m'madzimo, ndinawafunditsa nsalu, n'kuonera ndekha mpaka kumapeto.

Lolemba m'mawa anabwera ndi makapu awiri a tiyi, imodzi n'kundiikira pafupi ndi simbi. Anazungulirazungulira, anakonza kolala, kenako analephera kupirira.

"Amayi a mwana, ndiye zinatha bwanji zija?"

Ndinapinda tawulo lomaliza, ndinaponya sopo uja m'chikwama changa.

"Mukamvera ku shopu pamodzi ndi anzanu," ndinatero. "Ndipo mufulumire, benchi imadzaza."