Maso a Bambo Fazal

Lorraine anali ndi miyezi itatu yokha pa labu ina kunja kwa Leicester. Ntchitoyo anamupezera ndi a Fazal, bambo wachikulire wokulira ku Limbe, amene ankapemphera mpingo wina koma ankamutenga ngati mwana wawo.

Ntchito yawo inali yoyesa mafuta ofinyidwa m'miyala, akuda bii, onunkha ngati mazira owola, kuti asanduke petulo. Mafutawo umawathira asidi m'botolo lagalasi, kukhutchumula, n'kudikira. Asidiyo amakoka zonyansa zonse n'kudikha pansi ngati phula. Umayamba watulutsa phulalo, kumene pa labupo ankati kudreina, kenako ndiye kutsuka mafutawo ndi madzi. Ukapupuluma, madzi amawira pa asidi n'kukuthovokera kumaso.

Lachiwiri lina m'mawa, magalasi otchinjiriza maso a a Fazal anachita nthunzi, iwo n'kuwakankhira pachipumi. Lorraine atacheuka, maso ake anagwera pa botolo lawo. Phula linali likadali m'botolo, chivindikiro chili pambali, ndipo mkuluyo anali atanyamula kale madzi.

Mnzawo aliyense wa pantchitopo akanakuwa mpaka denga kugwedera. Koma Lorraine analeredwa ku Ntcheu, kumene mwana sakalipira wamkulu, makamaka pamaso pa anthu. Mtsikanayo, ngakhale anali wosweka mutu ndi sukulu, anaika pansi zimene ananyamula, n'kuyandikira, n'kutsitsa mawu.

"Pepani bambo, kaya ndaona bwino kaya, koma ngati simunadreine..."

Madzi anali atalowa kale. Kunamveka kuti fwaa, a Fazal n'kugwada pansi atagwira kumaso. Apa m'pamene Lorraine anakuwa, ndipo anakuwadi, uku akuwakokera pa mpopi.

Masiku awiri Lorraine sanadye. Supavaiza anamuyamikira kuti anathamanga msanga, ndipo mawuwo anamuwawa kuposa kukalipiridwa. Tsiku lachitatu analimba mtima n'kukwera basi kupita kuchipatala. Anapeza mayi Sairabanu, akazi awo a a Fazal, ali khale pambali pa bedi, maso ali psuu. A Fazal anali atakulungidwa bandeji kumaso konse.

"Ndi Lorraine, bambo."

"Ndakumva mayendedwe. Tandiuza, iwe unaona kuti sindinadreine?"

Bodza linali pafupi, ndipo palibe akanamutsutsa.

"Ndinaona, bambo."

"Ndiye unatani?"

"Ndimafuna ndikuuzeni mwaulemu."

A Fazal anapapasa pa bulangete mpaka kupeza dzanja lake.

"Dokotala akuti diso lakumanzere lapita, linalo tidikire. Mwana wanga, bwenzi utangonditukwana."