Bugi Yomangidwa Pamsawu

"Kiyi ali ndi ine, ndipo m'thumba muno satulukamo," anatero a Amós, akukoka unyolo kuti aone ngati loko wagwira.

Unyolowo anali ataukoloweka kutsogolo kwa kagalimoto n'kuuzunguliza pamsawu wa pabwalo. Kanali kagalimoto kachilendo, kopanda zitseko ndi denga, mipando iwiri yokha pakati pa zitsulo zopindapinda, matayala akumbuyo onenepa, injini ili poyera kumbuyo komweko. Eni ake ankakatcha bugi. Anyamata anakakankha kuchokera kunseu tsiku limene a Castigo anaikidwa m'manda, ndipo kuyambira pamenepo kanangokhala pomwepo, kachikasu ndi kowala, pakati pa milu ya phulusa yomwe anasiya anthu ogona pamaliro.

Elísio, mwana wa malemuwo, anali atakhala patayala lakutha pakhomo pa ofisina, kashedi ka malata komwe bambo ake ankasungiramo zitsulo. Mutu wake wometedwa dzulo lake unkayabwa ndi dzuwa.

"Ndikulankhula ndi iwe," anatero a Amós. Iwo anali mkulu wawo wa a Castigo, mlimi wa kumapiri a Zóbuè. "Mlendo mwini galimotoyi akabwera, umuuze m'Chipwitikizi chakocho. Galimoto iyi yamwa magazi a m'bale wanga. Sichoka pano."

"Apolisi anamumasula, bambo aakulu. Akuti mlandu ndi wa kamyau, chilole chija."

"Kamyauyo waigwira iwe? Ine ndagwira chomwe ndikuchiona."

A Castigo ankakonza magalimoto ofera panseu wa ku Zóbuè, pamtunda wopitirira Kambulatsitsi pomwe injini zambiri zimatopa. Tsiku la ngoziyo mabugi angapo anadutsa motsatizana, ochokera ku Beira, akuti akukayendayenda mpaka ku Malawi. Imodzi inazima kumunsi kwa kona. Mwini wake anabwera wapansi kudzapempha thandizo, a Castigo n'kumutsatira. Anagona chagada pansi pa bugiyo, miyendo ili kunja. Kamyau yonyamula simenti inatulukira pakonapo ikutsika mwaliwiro, ikudula kona monga amachitira ambiri. Woyendetsa anapotoza kuti alewe kagalimotoko, ndipo anakalewadi. Matayala akumbuyo ndiwo anaponda miyendo. A Castigo anatha magazi asanafike kuchipatala ku Moatize. Bugiyo sinapalike ndi utoto womwe.

Uthenga unamupeza Elísio kumgodi ku Chipanga, komwe amayendetsa chimodzi mwa zimagalimoto zotuta malasha. Panjira ponse anayesa kulira koma misozi inakana. Pamene mabanja ankasamutsidwa ku Chipanga kupita ku Cateme, bambo ake sanapirire kukhala kutali ndi nseu. Anabwera kudzamanga kashedi kano, mayi ake n'kuwatsatira, iye n'kutsala kwa achibale chifukwa cha sukulu. Akabwera patchuthi ankapeza bambo ali pansi pa galimoto ya munthu wina. Chimene ankachidziwa bwino pa iwo chinali mapazi.

Pakhonde a Domingas, mkazi wa malemuwo, ankatsuka makapu obwereka kutchalitchi. Elísio anapita kukanjuta pafupi nawo.

"Amayi, foliga yanga, masiku omwe anandipatsa kuntchito, ikutha. Tipitire limodzi ku Moatize. Chipinda chilipo."

"Dimba lija ndilinyamule pamutu?"

"Pano mukhala ndi ndani?"

A Domingas anatsukuluza kapu, n'kuivundikira padengu, n'kutenga ina.

Shapa, minibasi yochokera ku Zóbuè, inaima kunseu, ndipo munatsika Vítor, mwini bugi. Anali mwamuna wonenepa pang'ono, wa ndevu zoyamba imvi, atavala malaya omwewo amene anabwera nawo pamaliro. Anzake anali atawoloka malire kalekale. Iye anatsala pa nyumba ya alendo ku Zóbuè, ndipo m'mawa uliwonse ankabwera kudzakhala kumapeto kwa bwalo, osalankhula, mpaka dzuwa litapendeka. Lero sanakhale kumapetoko. Anafika pakati pa bwalo n'kukhala pansi padothi, moyang'ana khonde.

"Muuze zomwe ndakuuza zija," a Amós anatero.

Koma Vítor ndiye anayamba, m'Chipwitikizi, akuyang'ana Elísio.

"Muwauze kuti sindinabwerere galimoto. Pali chimene sindinawauze apolisi."

Vítor anapitiriza.

"Bambo anu asanalowe pansi paja anathyola nthambi. Za kumunsi anakaziyala okha. Zinazo anandipatsa ine, akuti ndipite kumtunda, ndipitirire kona, ndikaziyale panseu kuti otsika aone kuti kutsogolo kuli galimoto yakufa. Anabwereza, akuloza ndi dzanja. Ndinapitadi. Ndisanafike pakona ndinacheuka. Chigwa chonse chinkaoneka, bugi ili mmunsimo, mapiri kumbuyo kwake. Ndinaika nthambi zija pambali kuti ndijambule foto yotumizira anzanga. Kamyau inandidutsa telefoni ili m'manja."

Elísio ankadziwa kona imeneyo. Kuchokera pamene bugi inaima, munthu amafikapo fodya wake asanathe.

"Akuti chiyani?" anafunsa a Amós.

Elísio anayang'ana manja a bambo ake aakuluwo, manja a khasu, okhakhala ngati khungwa. Sanamumvere chisoni mlendoyo. Anangoona maliro ena, ndi ndende.

"Akupepesa. Akuti bambo anali munthu wabwino."

"Mawu onse aja?"

"Chipwitikizi chimazungulira."

A Domingas anasiya kapu m'madzi.

"Elísio, ndakalamba ndikugulitsa tomato panseu uno. Mawu a nthambi ndawamva. A foto ndawamvanso. Nena zonse."

Elísio ananena zonse, maso ali pansi, osawonjezera, osachotsera. Kunseu kamyau ina inkakwera mtunda ikubuula.

A Amós anadzuka n'kulowa mu ofisina. Munamveka zitsulo zikugwa. Anatuluka ndi chigubu cha gazolina, petulo, akutsegula chivindikiro ndi mano.

"Castigo ameneyu ndinamubereka kumsana pothawa nkhondo," anatero. "Kudutsa m'tchire mpaka ku Mwanza. Zipolopolo zinamuphonya. Matenda a kukampu anamuphonya. Ndinabwera naye kuno wamoyo. Lero afere foto?"

Vítor sanasunthe pomwe anakhalapo. Anangoweramitsa mutu, ngati kuti chigubucho chinali chake.

A Domingas anatsika pakhonde, manja akudontha madzi, n'kukaima pakati pa mlamu wawo ndi bugi.

"Alamu, ikani chigubucho pansi."

"Mukumuikira kumbuyo?"

"Ayi. Munthu uyu sindifuna kumuonanso mpaka ndidzafe. Koma mukatentha, zitsulo zake zitsala pabwalo panga. Inu mukwera shapa kubwerera ku Zóbuè. Uyu abwerera kumgodi. Ine ndiye ndizisesa mozizungulira m'mawa uliwonse. Ichoke ikuyenda, itenge ndi mwini wake."

"Ndiye Castigo wangopita chabe, ngati galu wogundidwa?"

"Wapita, alamu. Kaya mutenthe, kaya musatenthe."

A Amós anaima nthawi yaitali, gazolina akudonthera paphazi pawo. Kenaka anatsitsa chigubucho. Anapisa m'thumba, n'kuponya kiyi pafumbi osayang'ana komwe wagwera, n'kulowera kanjira ka kumanda. Ankayenda ngati munthu wosenza katundu.

Elísio anatola kiyi uja n'kumasula unyolo.

"Tengani muzipita," anamuuza Vítor. "Za apolisi mudziwa nokha."

"Ndikawauza. Ndikaima ku Zóbuè." Vítor anayang'ana bugi, kenaka anayang'ana pansi. "Koma siyaka. Bambo anu anali asanamalize."

Elísio anamasulirira mayi ake. Iwo analowa m'nyumba n'kutuluka ndi chikwama cha chinsalu, chakuda ndi mafuta, chomwe anthu anatola panseu tsiku lija. Anachiika pamapazi pa mwana wawo.

"Maliza."

"Ine si mekaniku, amayi. Anandiphunzitsa liti? Nthawi yawo inali ya anthu odutsa."

"Zimenezo ukawafunse kumanda. Ine ndikuti maliza."

Elísio anavula malaya. Anagona chagada n'kudzikwawitsa kulowa pansi pa bugiyo. Munali mopanikiza, monunkha mafuta. Atakweza maso anadziwa kuti akuona chomwe bambo ake anaona komaliza: chitsulo cha dzimbiri, matope ouma a misewu yakutali. Anamva mphepo ikumuwomba kumiyendo, ndipo anaipinda msanga ngakhale anali pabwalo.

Vuto silinali lobisika. Paipi yakale ya mafuta inali yong'ambika, itachotsedwa kale. M'malo mwake munali kapaipi kena, komangidwa mbali imodzi bwinobwino ndi waya wopotedwa mwaluso. Mbali inayo inkalendewera, waya wake atangokolowekedwa. Kapaipiko sikanali ka m'sitolo. Kanali kodulidwa ndi mpeni.

"Amayi," anaitana ali pansi pomwepo, "paipi iyi anaitenga kuti?"

Anaona mapazi a mayi ake akuyandikira n'kuima pafupi ndi tayala.

"Pa injini yopopera madzi kudimba. Anabwerera kudzaidula m'mawa womwewo. Ndinawauza kuti tomato wanga afota. Akuti munthuyo ali kutali ndi kwawo, tomato ali pakhomo. Ndinawatukwana, Elísio. Ndinawatsatira mpaka pamsawu apa ndikuwatukwana. Mawu anga omaliza kwa iwo ndi amenewo."

Elísio anagwira kapaipiko. Zala zake zinagwera pomwe panali zidindo za zala zina zamafuta.

"Ndichotse? Ndikaibwezeretse kudimba?"

"Manga."

Anamanga. Waya anamubaya chala, ndipo kapotedwe kake sikanafanane ndi ka mbali inayo. Misozi yomwe inakana panjira inabwera tsopano, ikutsikira m'makutu chifukwa anali chagada. Anakhala pansipo mpaka itasiya, kenaka anatuluka n'kupukuta nkhope ndi malaya.

Injini inakhosomola, inazima, kenaka inagwira. Phokoso lake linadzaza bwalo lonse, nkhuku n'kubalalika. Vítor anatsika, napita kwa a Domingas, manja ali pachifuwa. Anayamba kulankhula. Iwo anatembenuka n'kuyamba kutola mashave, masipanala omwe Elísio anawamwaza pansi, mmodzimmodzi, akuwapukuta pachitenje ndi kuwabwezera m'chikwama. Vítor anaima pang'ono, kenaka anakwera. Bugi inadutsa pamilu ya phulusa ija, inakwera phula, n'kukhotera ku Zóbuè.

Elísio anayamba kukulunga unyolo. Atadzutsa mutu anaona mayi ake ali m'mbali mwa nseu, chikwama chili paphewa, mutu utapendekera kumtunda. Anapita kukaima pambali pawo. Bugi inali itabisika kale kuseri kwa kona, koma kulira kwake kunkamvekabe.

"Amayi, tiyeni kumthunzi."

"Dikira. Sinafike pamwamba."

"Mwati simufuna kumuonanso."

"Sindikumuona. Ndikumvera." Anakonza lamba wa chikwama paphewa. "Bambo ako akakonza galimoto ankaima pano mpaka imalize mtunda. Ikasintha kaliridwe, ankayamba okha kuilondola, asanaitanidwe."

Kulira kuja kunachepa, kunakweranso pamene Vítor ankasintha giya, kenaka kunayamba kuzilala kuseri kwa phiri. Awiriwo anaimabe padzuwapo, chigayo cha kutsidya chikugunda, mpaka sanathenso kusiyanitsa injini ndi mphepo. Pamenepo a Domingas anatsitsa chikwama paphewa, n'kumupatsa mwana wawo kuti anyamule.